Funsani Azakhali: Agogo akafuna kuyenda

Makalata ambiri a mwezi uno akukamba za maulendo a makolo okalamba. Ena mukufuna kuwatenga koma mtima ukukana, ena ndinu okalamba eni ake ndipo ana akukutsekerezani. Ndasankhapo angapo. Mayina ndawabisa monga mwa nthawi zonse, ndipo makalata aatali ndawadula.

FUNSO: Azakhali, mayi anga ali ndi zaka 74, amakhala kwathu ku Ntcheu, ndipo chibadwire sanaionepo nyanja. Ine ndi achimwene tagwirizana zokawaonetsa pa Khirisimasi. Koma ali ndi BP, mawondonso amawavuta. Achimwene akuti tipite ku Cape Maclear, ine ndikuopa mtunda. Titani?
Mwana wamkazi, Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mwachita bwino, mwanangu. Anthu ambiri a m'mapiri a Ntcheu ndi Dedza amakalamba akudya usipa wa m'nyanja imene sanaione, chonsecho nyanjayo ili kumunsi kwawo komweko. Koma m'kalata yanu ndaona kuti mwagwirizana inu ndi achimwene. Nanga mayiwo mwawafunsa? Musawafunse pafoni. Kakhaleni nawo pamphasa, muwafunse kuti pa malo onse amene anamvapo, amalakalaka ataona kuti. Akati kunyanja, zili bwino. Akatchula kwina, tsatirani iwo, chifukwa ulendowu ndi wawo.

Za Khirisimasi ndiye sindikugwirizana nanu. Nthawi imeneyo kunyanja kumatentha, mvula imagwa, udzudzu umachuluka, mitengo ya zipinda imakwera, ndipo magombe amadzaza ndi achinyamata ndi zoimbira zawo mpaka mbandakucha. Munthu wozolowera mphepo ya ku Ntcheu akatsikira kuchigwa nthawi yotentha amamva chizungulire, makamaka ngati pa mankhwala ake a BP pali aja okodzetsa. Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka kumayambiriro kwa September. Mwera umaomba ndithu miyezi imeneyo, koma kwa munthu wongokhala pagombe suvuta, bola mpango ndi juzi. Ngati tchuthi chanu ndi cha December basi, pitani sabata la Khirisimasi lisanafike, pakati pa sabata.

Mtunda wa ku Cape Maclear usakuopseni kwambiri ngati mayi mukawatengera ku Ntcheu. Mumakhota pa Masasa n'kutsika msewu wa Khwekhwerere mpaka pa Golomoti, kenako n'kulunjika ku Monkey Bay. Msewuwo ndi wokhotakhota, choncho mayi akhale kutsogolo, zenera likhale lotsegula pang'ono, ndipo asadye zamafuta m'mawa umenewo. Kukacha bwino, nyanja imaonekera muli pamwamba pomwepo. Imani pamalo otakasuka, atsike, aione kaye ili kutali. Ku Cape Maclear kuli paki ya Lake Malawi imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna. Kulinso manda a amishoni a Livingstonia amene anayamba kukhala kumeneko mu 1875 malungo asanawathamangitsire ku Bandawe. Ngati mayi ndi a CCAP, mandawo adzawakhudza kuposa mbunazo. Koma ngati adzakhala ali kale kwanu ku Lilongwe, musazunzike. Senga Bay ndi maola awiri kudzera ku Salima, ndipo nyanja yake ndi yomweyo.

Alamu anga, akulu awo a malemu amuna anga, anaiona nyanja koyamba ku Senga Bay atakalamba kale. Anavula nsapato n'kuzigwira kumanja, anafika pamene funde limathera, anaviika chala n'kulawa, chifukwa anamva kuti madzi aakulu amakhala amchere. Ana anali atalipira kale boti loti liwazungulitse, koma iwo anakana. M'mawa wonse anakhala pansi pamtengo pafupi ndi amayi oyanika usipa pa matandala, akufunsa mtengo wa ndowa, kafutsidwe kake, ndi chifukwa chimene usipa umafikira kumudzi utadula chotero. Usiku ataona nyali za asodzi zitandanda pamadzi anafunsa kuti, “Kodi tauni imeneyo ndi iti?” Mpaka kumwalira kwawo nkhani ya ulendowo inali amayi a usipa ndi nyalizo. Ndikukuuzani izi kuti musadzaze tsiku ndi mapulogalamu. Chinthu chimodzi m'mawa, kupuma masana, kukhala pagombe dzuwa likapepa, zakwana. Mugone masiku awiri. Kupita ndi kubwerera tsiku lomwelo n'kuwalanga.

Musanalipire chipinda imbani foni mufunse zinthu zitatu izi: kodi pali masitepe, kodi chimbudzi chili m'kati ndipo n'chokhalira, kodi neti ilipo. Mchenga umalemetsa mawondo ndipo ndodo imamira, ndiye pemphani mpando muuike pamthunzi pafupi ndi madzi. Auzeni akukhitchini aphike nsima ya chambo kapena kampango, chifukwa tchipisi sadzagona nacho. Sabata imodzi ulendo usanafike akayezetse BP. Mankhwala ndi buku la kuchipatala zikhale m'kachikwama kawo, osati m'sutikesi. Madzi a m'mphepete mwa midzi, makamaka odekha okhala ndi bango, amakhala ndi nkhono zofalitsa likodzo. Akasamba kapena kuyenda m'madzi, pakatha miyezi iwiri kawauzeni akuchipatala. Mankhwala ake alipo ndipo amamwedwa tsiku limodzi.

FUNSO: Azakhali, ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Bambo anga anagwirako ntchito kumigodi pa Wenela, anabwerera kumudzi mu 1974 ndipo sanapondekonso. Pano ali ndi zaka 76, ali ndi shuga, ndipo akuti akufuna adzaone Joni asanatsikire kulichete. Ndege ndi yodula. Kodi basi angaipirire?
Mwana wamwamuna, Johannesburg

YANKHO: Mwanangu, inu mumaidziwa basi imeneyo kuposa ine. Werengani nokha: Mwanza, Zobue, kutentha kwa ku Tete, Nyamapanda, Harare, mzere wa pa Beitbridge, Musina, mpaka Park Station. Ndi maola oposa 30, ndipo pachipata pakavuta amafika masiku awiri. Pa chipata chilichonse anthu amatsika n'kuima pamzere, pena usiku, pena dzuwa lili pamutu. Munthu wa shuga amafunika kudya pa nthawi yake, ndipo basi siisamala zimenezo. China chimene ndimaona mwa anzanga okalamba n'chakuti paulendo amasiya kumwa madzi poopa kuvutitsa anthu ndi nkhani ya chimbudzi. Akakhala osamwa madzi, miyendo ili chopinda tsiku ndi usiku, mapazi amatupa ndipo magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, zimene zimapha.

Ine ndikuti ndege. Kuchokera ku Chileka kapena ku Kamuzu kufika ku OR Tambo ndi pafupifupi maola awiri ndi theka. Ngati ndalama sizikukwana pano, sunthani ulendo ndi miyezi ingapo, abale anu asonkheko, koma musauiwale m'kabati, chifukwa bambo a zaka 76 sadikira mpaka kalekale. Zikakanikiratu n'kukhala basi, asayende okha. Akhale mpando wa kukanjira, azitsika n'kuwongola miyendo paliponse basi yaima, m'thumba mukhale maswiti oti adye shuga akatsika, ndipo mankhwala asalowe m'katundu wa pansi kapena wa m'ngolo. Ngati amabaya insulin, isakhale padzuwa kapena pafupi ndi injini.

Pogula tikiti ya ndege nenani kuti wokwerayo ndi wachikulire wofuna chithandizo. Amamudikirira ndi mpando wamatayala n'kumudutsitsa ponseponse mpaka kwa inu. Abambo a msinkhu umenewu amakana, amati sindine wodwala. Auzeni kuti OR Tambo ndi yaikulu, makonde ake ndi aatali, ndipo wokankha mpandoyo ndi amene akudziwa njira. M'thumba la malaya muikemo pepala la adiresi yanu ndi nambala ya foni, tikiti yobwerera, ndi kalata ya dokotala yotchula mankhwala awo. Mmalawi amaloledwa kukhala masiku 30 popanda viza. Musapyoletse ngakhale tsiku limodzi, chifukwa opyoletsa amaletsedwa kulowanso. June ndi July Joni imazizira koopsa, koma zimenezo bambo akuuzani okha.

Tsopano mundimvere bwino apa. Mwati anabwerera mu 1974. Chimenecho ndi chaka chimene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, mu April, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu opita kumigodi. Kulembako kunayambanso mu 1977 pansi pa bungwe la Teba, limene linalowa m'malo mwa Wenela, n'kutheratu mu 1988. Choncho bambo anu sakufuna Joni ya mashopu a ku Sandton. Akufuna kuona pamene anasiya unyamata wawo, mwinanso pamene anasiya anzawo. Afunseni dzina la mgodi, tauni yake, kaya ndi Carletonville, Welkom, Klerksdorp kapena Springs, ndi nambala imene ankaitanidwa nayo. Mudzadabwa kuti nambalayo akuikumbukira yonse. Fufuzani asanabwere ngati mgodiwo ukadalipo, chifukwa yambiri inatsekedwa ndipo makomboni anagumulidwa. Auzeni zoona ali kumudzi konko, asakagwe nazo mphwayi atafika. Ngati malowo safikirika, Gold Reef City inamangidwa pa mgodi wakale wa Crown Mines, ndipo pamenepo angathe kukulozerani mmene zinkakhalira.

Malume anga anali a Wenela. Anabwera ndi bokosi lachitsulo, wailesi, bulangete lolemera ndi chifuwa chimene sichinawasiye. Nkhani zawo za pansi pa nthaka tinkazimva mwa apo ndi apo, ali pa bawo, ndipo palibe anazisunga. Inu muli ndi foni. Bambo akayamba kufotokoza, akayamba kusakaniza Chifanakalo, chilankhulo cha kumigodi chija, itsegulireni ijambule mawu ndipo musawadule pakamwa. Ngati amatsokomola kapena kubanika, kawajambulitseni m'chifuwa. Kuli bungwe la Tshiamiso Trust limene limapereka chipepeso kwa amene anadwala matenda a fumbi m'mapapo kapena TB chifukwa chogwira ntchito m'migodi ina ya golide pakati pa 1965 ndi 2019. Kulembetsa n'kwaulere, ndiye wina akakupemphani ndalama kuti akuthandizeni, mukaneni.

FUNSO: Mayi, ndine mphunzitsi wopuma wa zaka 79. Ntchito ndinayambira ku Likoma, ndipo ndi kumene ndinamanga ukwati ndi malemu mkazi wanga. Ndikufuna ndikapemphere mu St Peter's kamodzinso, ndipite pa Ilala monga kale. Ana anga akana kwamtuwagalu, akuti ndikagwera m'madzi. Kodi ukalamba ndi ndende?
Bambo wa ku Chibavi, Mzuzu

YANKHO: Bambo, pepani ndi imfa ya mayi. Ine ndili kumbali yanu, koma ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo anawo pang'ono, chifukwa mantha awo ali ndi mutu. Ilala yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, ndipo masitepe ake ndi omwe aja munkakwera mothamanga muli mnyamata, opapatiza ndi oimirira. M'madoko ena sitima imaima pamadzi, anthu n'kutsikira m'maboti aang'ono pa makwerero, kwinaku matumba a ufa ndi mitolo ya nsomba zikudutsa pamutu. Boti likafika kugombe pena mumatsikira m'madzi. Mwera ukaomba botilo limakwera n'kutsika pamene phazi lanu likufuna kuponda. Pamenepo ndi pamene ana anu akuona akamakana.

Ndiye musakangane nawo za ufulu wanu. Abweretsereni dongosolo. Pitani kwa dokotala akupimeni mtima, BP ndi maso, muwaonetse zotsatira. Sankhani kumapeto kwa September kapena kumayambiriro kwa October, mwera utatha, mvula isanayambe. Kwererani pa Nkhata Bay, pomwe ndi pafupi ndi kwanu ndipo ulendo wake ndi wa maola owerengeka kudzera ku Chizumulu. Lipirani kabini kuti mukhale ndi bedi ndi chimbudzi chapafupi. Funsani ku ofesi ya sitima ngati pa tsiku lanu ikocheze pa jeti kapena mutsikire m'boti, ndipo muwauze ogwira ntchito m'sitimamo kuti mutsike anthu atachepa, mutavala jekete yoyandamitsa. Nthawi ya sitima imasinthasintha, choncho tengani mankhwala opitirira masiku amene mwawerengera. Maboti amatabwa odzaza mpaka m'milomo aja musakwere, ngakhale atakuuzani kuti afika msanga. Ku Likoma kumateranso ndege zing'onozing'ono. Ndi zodula, koma ana akasonkha mungapite pa sitima n'kubwerera pa ndege.

Wokuperekezani asankhe anawo. Akhale mdzukulu wamphamvu zake, wosatopa ndi kudikira, amene adzayende patsogolo panu potsika ndi pambuyo panu pokwera. Mdzukuluyo adzapindula kuposa inu. Adzalowa m'tchalitchi chimene anthu anayamba kumanga mu 1903 n'kuchipatula mu 1911, pa chilumba chimene zambiri zomangira zinkachita kubwera pamadzi, ndipo adzaimirira pamene agogo ake aakazi anaimirira tsiku la ukwati. Tumizani uthenga kwa ansembe musananyamuke. Pachilumba anthu amadziwana, ndipo n'kutheka kuti ena mwa ana amene munawaphunzitsa, omwe pano ndi agogo, adzabwera kudzakulonjerani.

Kwa ana a bambowa, ngati mukuwerenga: inenso ndine wamasiye, ndipo mwana wanga wamkazi anandiperekeza ku tchalitchi chimene ndinakwatiwirako. Sitinalankhule zambiri, tinangokhala pa benchi. Ndinabwerako mtima utapepuka kusiyana ndi mmene unalili chimwalirire amuna anga. Bambo anu akulira mayi anu, ndipo ulendowu ndi mbali ya maliro amenewo. Aperekezeni.

FUNSO: Azakhali anzanga, ana anga amanditenga akamapita kunyanja kapena ku Mulanje, ndipo anthu amati ndili ndi mwayi. Koma tikafika, iwo amapita kokasangalala, ine n'kutsala m'chipinda ndi adzukulu atatu. Ulendo wathawu anandijambula ndili mtulo m'galimoto n'kuika pa Facebook. Ndikadandaula ndikhala wosayamika?
Agogo a ku Chilomoni, Blantyre

YANKHO: Ayi, amayi, simukhala wosayamika. Kusewera ndi adzukulu n'kokoma pamene mwafuna nokha. Kutsekeredwa nawo m'chipinda pamene ena ali kugombe ndi ntchito, ndipo anawo akudziwa, n'chifukwa chake amakutengani. Musadikire ulendo wina kuti mukakwiyire komweko. Muitaneni mwana wanuyo, osati mpongozi, mukhale awiri, mumuuze kuti: “Ndimakondwa mukanditenga. Adzukulu ndikhala nawo madzulo amodzi kuti inu mupume, koma masiku enawo nanenso ndikufuna ndione kumene tapita.” Tchulani chimene mukufuna kuona. Ku Mulanje simungakwere Sapitwa, ndi mamita 3,002, ndipo ngakhale njira ya ku Dziwe la Nkhalamba ndi yokwera ndi yamiyala. Koma galimoto imadutsa bwinobwino m'minda ya tiyi, ndipo pa Likhubula pali mthunzi ndi madzi ozizira pomwe mungakhale mukuyang'ana phiri.

Za chithunzicho, auzeni achichotse lero. Munthu wamkulu sajambulidwa ali mtulo, duku litagwa, kuti anthu osamudziwa aziseka. Chithunzi chilichonse chimene muli inu azikuonetsani kaye. Muwapemphenso akutsukireni zingapo papepala, chifukwa za m'foni zimapita ndi foniyo ikabedwa, ndipo inu simuziona n'komwe.

FUNSO: Azakhali, agogo anga aamuna ali ndi zaka 80, amangokhala pakhonde tsiku lonse chimwalirire anzawo a bawo. Ndilibe galimoto ndipo malipiro anga ndi ochepa. Ndingawatengere kuti?
Mdzukulu, Ndirande

YANKHO: Mdzukulu wanga, muli pabwino, chifukwa Blantyre yemweyo ndi wokwanira. Kuchokera ku Ndirande, tchalitchi cha St Michael and All Angels chili pafupi. Chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi njerwa zoumbidwa pomwepo, ndipo pabwalo pake pali mitengo ndi pokhala. Mandala House ndi ya 1882. Ku Museum ya ku Chichiri kuli mainjini akale panja, ndipo abambo a msinkhu wa agogo anu amaima pamenepo nthawi yaitali akufotokoza. Mukapeza kangachepe, kwerani ya ku Chiradzulu mukaone PIM ku Mbombwe, kwa John Chilembwe, koma osati pa 15 January chifukwa kumakhala chinamtindi cha anthu. Ku Zomba, komwe kunali likulu la dziko mpaka 1975, mungachite haya galimoto kuchokera m'tauni kukafika pa damu la Mulunguzi, n'kugula mabulosi m'mbali mwa msewu. Juzi musaiwale.

Komabe ine ndikanayamba ndi malo awo eni. Ankagwira ntchito kuti? Nyumba yoyamba imene anachita lendi atabwera m'tauni ili kuti? Alipo mnzawo amene watsala, kaya ku Bangwe kaya ku Chileka, amene sanaonane naye zaka zambiri? Minibasi ziwiri ndi shuga wa paketi imodzi wokapereka kumeneko zingawachitire zambiri kuposa malo onse ndatchulawa. Nyamukani anthu opita kuntchito atatha, mupemphe kondakitala mpando wakutsogolo, ndipo pa kabaza musawakweze. Kamba mutengere kunyumba: mbatata yophika, nthochi, thobwa kapena tiyi wa m'fulasiki. Kamodzi pa mwezi, malipiro akangolowa, patulani ya ulendo wa agogo musanagule china. Ndipo fufuzani pamene pamaseweredwa bawo m'dera lanulo, muziwaperekeza Loweruka masana.

FUNSO: Azakhali, mayi anga a zaka 82 akhala akuiwalaiwala kwa zaka ziwiri, pena sandizindikira. Madzulo alionse amamanga kamtolo n'kumati akupita kwawo ku Thyolo, komwe anachokako kalekale. Achemwali akuti tiwatengereko mwina mtima ukhala pansi. Ine ndikuopa. Tipite nawo?
Mwana wamkazi, Kasungu

YANKHO: Mwanangu, mwasenza katundu wolemera, ndipo ndikudziwa kuwawa kwake mayi ako akakuyang'ana ngati mlendo. Zimene mukufotokozazi zikufanana ndi matenda a ubongo amene madokotala amati dementia. Ndi matenda, ndipo amagwira okalamba m'mayiko onse. Yambani mwapita nawo kuchipatala, chifukwa pali zina zimene zimawonjezera kusokonezeka koma zimachizika, monga malungo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga, ngakhale mankhwala ena amene akumwa.

Dziwani kuti kwawo kumene akunenako mwina sikuli pamsewu wa ku Thyolo. Ndi mudzi wa ali mtsikana, mayi awo ali moyo, abale awo ali pabwalo. Mungayende mtunda wonsewo, kuchoka ku Kasungu kudutsa Lilongwe ndi Blantyre, n'kufika pakhomo penipeni pamene anabadwira, iwo n'kumanganso kamtolo kuti akupita kwawo. Malo achilendo, nkhope zambiri ndi kutopa zimawonjezera kusokonezeka, makamaka chisisira chikamagwa. Choncho musapite ndi chiyembekezo choti ulendowu uwachiza. Ngati cholinga n'choti abale awaone akadali moyo, n'kwapafupi kuti abalewo abwere ku Kasungu, awiriawiri, osati gulu.

Mukasankha kupita, pali chinthu chimene sindingachisiye osanena. M'dziko muno agogo osokonezeka amene apezeka m'mamawa pakhomo pa eni, osadziwa dzina lawo kapena kumene achokera, akhala akunenedwa kuti ndi mfiti zagwa paulendo, ndipo ena amenyedwa mpaka kuphedwa. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma gulu likasonkhana silifunsa za lamulo. Mayi anu ku Thyolo ndi mlendo kwa achinyamata onse a m'mudzimo. Tumizani uthenga kwa abale ndi kwa amfumu musanafike, kuti kukubwera mayi odwala matenda oiwala, ndipo mukafika muwaonetse kwa anthu oyandikana nawo masana kukuwala. Sokererani kansalu kolembedwa dzina lawo ndi nambala yanu ya foni m'kati mwa bulauzi iliyonse, chifukwa pepala la m'thumba amataya. Usiku mugone nawo chipinda chimodzi, mphasa yanu ikhale kukhomo. Paulendo gwiritsani ntchito galimoto ya haya kapena ya wachibale, muyende m'mawa, mudule ulendowo pawiri, ndipo mutenge zofunda zawo, kapu yawo ndi mbale imene anaizolowera. Pokwerera basi musawasiye okha ngakhale kwa mphindi yokagula madzi.

Kaya mupita kaya simupita, madzulo akamanga kamtolo musalimbane nawo, ndipo musamawauze mobwerezabwereza kuti makolo awo anamwalira, chifukwa nthawi iliyonse amaimva ngati nkhani yatsopano n'kuyambanso kulira. Auzeni kuti kwada, tinyamuka mawa, ndipo muwafunse kuti kwanuko kuli ndani, munkalima chiyani, kumtsinje munkapita ndi yani. Yendani nawo pang'ono kuzungulira nyumba kamtoloko kali m'manja, kenako mubwerere mudzamwe tiyi. Ayimbireni nyimbo za kutchalitchi kapena za pamtondo za kwawo, poti nyimbo zimakhalitsa m'mutu kuposa mayina. Achemwali anuwo, m'malo molipira ulendo wa ku Thyolo, abwere adzakhale ndi mayi sabata imodzi kuti inu mugoneko tulo. Ndipo anthu oyandikana nanu ku Kasungu konko, pamodzi ndi amfumu a m'dera lanu, auzeni za matendawa sabata ino.